Njanji inakonzedwa m'miyezi isanu, sitima inabwerera patatha zaka 20

M'mawa wa pa 18 Ogasiti 2025, sitima yonyamula anthu inanyamuka mumzinda wa Mobile, m'chigawo cha Alabama ku America, kulunjika ku New Orleans, m'chigawo cha Louisiana. Mwana amene anabadwa chaka chimene sitima yomaliza inaima mumzindawo anali atakula kale, mwina ali ku koleji, mwina ali pabanja. Panali patangotsala masiku ochepa kuti zikwane zaka 20. Chimene chimazunguza mutu n'chakuti pafupifupi nthawi yonseyi njanji inalipo, yabwinobwino, ndipo masitima a katundu ankagudubuzikapo usana ndi usiku anthu akuwaona ndi maso.

Munthu akamva kuti mzinda wakuti ulibe sitima amafulumira kuganiza za zitsulo: njanji inadzimbiri, mlatho unagwa, mabogi anatha. Nkhani ya Mobile ikusonyeza kuti zitsulo ndiye gawo losavuta. Zimene zimadya zaka ndi mafunso ena: njanjiyo mwini wake ndani, sitima ya anthu ipatsidwa nthawi yanji yodutsira, nanga chaka chikatha ndalama zikaperewera adzapisa m'thumba ndani.

Mobile ndi mzinda wa padoko, wa anthu pafupifupi 200,000, m'mphepete mwa nyanja ya Gulf of Mexico. Kufika mu 2005 unkadalira sitima imodzi ya kampani ya Amtrak yotchedwa Sunset Limited, imene inkachokera ku Los Angeles mpaka ku Orlando, kuchoka kunyanja ya kumadzulo kwa dzikolo kufika kum'mawa. Inkayenda katatu pa sabata, inkafika ku Mobile pakati pa usiku, ndipo inali ndi mbiri yochedwa maola ambirimbiri chifukwa inkakhala itatsekerezedwa kale ndi masitima a katundu ku Texas ndi ku Arizona. Tinene chilungamo, sinali sitima yoti munthu wa ku Biloxi, tauni ya pa njirayi m'chigawo cha Mississippi, angaidalire popita kuchipatala ku New Orleans.

Pa 29 Ogasiti 2005 namondwe wa Katrina anawomba gombe lonselo. Madzi anakokolola njanji, anagwetsa milatho yodutsa pamadzi ngati wa ku Bay St. Louis ku Mississippi, ndipo siteshoni ya ku Mobile inamira m'madzi mpaka pambuyo pake anangoigumula. Kampani ya CSX, mwini njanjiyo, inagwira ntchito modzipereka kotero kuti kumayambiriro kwa 2006 masitima ake a katundu anayambiranso kuyenda. Amtrak sinabwerere. Inadula Sunset Limited kuti izithera ku New Orleans, ndipo chigawo cha kum'mawa inkangochitchula kuti chaimitsidwa kaye. Mawu akuti "kaye" amenewa anali ndi ntchito yake: lamulo limafuna kuti kampaniyi ipereke chenjezo la masiku 180 isanathetseretu sitima, koma yongoimitsa kaye palibe amene amaifunsa. Mawu amenewa anakhalabe pamapu a Amtrak zaka zikubwera, zaka zikupita.

Mlendo pa njanji ya eni

Kuti timvetse chifukwa chake kubwerera kunavuta, tiyenera kubwerera ku 1970. Nthawi imeneyo makampani a njanji ku America, omwe ndi a anthu wamba osati a boma, ankaluza ndalama zambiri ponyamula anthu, popeza anthuwo anali atasamukira ku magalimoto ndi ndege. Lamulo linkawakakamiza kuyendetsabe masitimawo. Boma linapangana nawo motere: ife tikhazikitsa kampani imodzi yonyamula anthu, inu mutule mtolo umenewu, koma kampani yatsopanoyo izidutsa pa njanji zanu ndipo izilipira zokhazo zimene kudutsa kwake kwawonjezera pa zowononga zanu. Kampaniyo ndiyo Amtrak, imene inayamba ntchito pa 1 Meyi 1971, ndipo mu 1973 nyumba ya malamulo inawonjezera kuti sitima ya anthu izipatsidwa mpata woyamba kuposa ya katundu.

Papepala zikumveka bwino. Koma nyumba ya mwini saotchera mbewa. Amene amakhala mu ofesi n'kumalamula kuti sitima iyi idutse, iyi iime, ndi wantchito wa kampani ya katundu, ndipo malipiro ake amachokera ku makontena, malasha ndi mankhwala a m'mafakitale. Pakati pa New Orleans ndi Mobile pali mtunda wa makilomita pafupifupi 233. Pafupifupi wonsewo ndi wa CSX, kupatula kachigawo kochepa mkati mwa New Orleans kamene ndi ka kampani ya Norfolk Southern. Sitima ya anthu itachokapo, eni njanji anazolowera kukhala okha, anakonza ndondomeko yawo ya nthawi momwe anafunira, ndipo mpata umene unali wa Amtrak unadzaza ngati mmene udzu umadzazira njira imene anthu asiya kupondamo.

Apa ndi pamene pagona nkhani, choncho tikhalepo pang'ono. Njanji imeneyi mbali yaikulu ndi imodzi yokha. Masitima awiri akamachokera mbali zosiyana, imodzi iyenera kulowa pa kanjanji kapambali kopatukira n'kudikira kuti inzake idutse. Sitima ya anthu pa njira imeneyi imatha kuthamanga mpaka makilomita 127 pa ola, pamene ya katundu imayenda pang'onopang'ono ndipo ikaima imatenga nthawi kuti iyambirenso liwiro. Choncho sitima ya anthu imakumana ndi zimene zikubwera kutsogolo, komanso imapeza zimene zili patsogolo pake, ndipo zonsezo zikufunika popatukira. M'zaka zaposachedwapa makampani a katundu atalikitsa masitima awo kwambiri kuti achepetse chiwerengero cha antchito ndi mainjini, mwakuti sitima yotalika makilomita atatu si yachilendo. Tinjanji topatukira tambiri tinamangidwa kalekale masitima ali aafupi. Ndiye sitima yaitali ikakumana ndi yaifupi pamalo pamene kanjanji kopatukira ndi kakafupi, ipatuke ndi iti? Imapatuka yokwanapo, ndiyo ya anthu, kaya lamulo la 1973 likuti chiyani.

Gombe limeneli lili ndi vuto lakenso lapadera. Njanji imadutsa pa mitsinje ndi timagombe tambiri, ndipo milatho ingapo ndi yotsegula kuti zombo ndi mabwato zidutse. Pa malamulo a kumeneko zoyenda pamadzi nthawi zambiri ndizo zimakhala patsogolo. Mlatho ukatsegulidwa chifukwa cha bwato la asodzi, sitima imaima, ndipo imene ili kumbuyo kwake imaimanso. Kumapeto onse awiri kuli mabwalo akuluakulu osanjirako mabogi, la Gentilly ku New Orleans ndi la Sibert ku Mobile, kumene masitima aatali amatulukira mpaka pa njanji yaikulu akamalumikiza mabogi. Onjezanipo mphambano zambirimbiri zimene misewu imadutsana ndi njanji m'matauni a Mississippi. Mu Malichi 2017 basi inakodwa pa mphambano ina ku Biloxi, sitima ya katundu inaiwomba ndipo anthu anayi anamwalira. Sitima yothamanga kwambiri ikabwera, mphambano iliyonse yotere iyenera kuunikidwanso.

Ndiye eni njanji akamati masitima anayi a anthu amene Amtrak ikufuna kuwonjezera pa tsiku atisokoneza, sikuti akunama kotheratu. Funso ndi lakuti asokonezeka motani, ndipo kukonza kwake kudya ndalama zingati.

Mkangano wa manambala

Nyumba ya malamulo inalamula Amtrak mu 2008 kuti ifufuze zobwezeretsa sitimayi. Lipoti linatuluka mu 2009 n'kukagona m'kabati. Mu Disembala 2015 lamulo lina linakhazikitsa gulu lounikanso nkhaniyi, ndipo mu Febuluwale 2016 anayendetsa sitima yoyendera njira kuchokera ku New Orleans mpaka ku Jacksonville, m'chigawo cha Florida. Anthu anakhamukira m'masiteshoni ndi zikwangwani ndi magulu oimba. Andale anaona khamulo, ndipo ena mwa iwo, monga phungu Roger Wicker wa ku Mississippi, anaigwira nkhaniyi osaitayanso.

Lipoti la gululi linatuluka mu 2017, ndipo ndi mmene kusiyana maganizo kunaonekera poyera. Nthambi ya boma yoona za njanji inati kukonza njira yonse mpaka ku Orlando kufunika madola pafupifupi 118 miliyoni. CSX inati pafunika madola oposa 2 biliyoni. Njanji imodzimodzi, masitima omwewo, koma mtengo wina kuposa unzake pafupifupi ka 20. Kusiyana kotereku kumachokera pa zimene mwaika mu kompyuta poyerekezera: mukaiuza kuti katundu adzachuluka kwambiri m'zaka zikubwerazi, kuti sitima ya katundu isachedwe ngakhale pang'ono, ndiponso kuti ya anthu izifika pa nthawi pafupifupi tsiku lililonse, kompyutayo ikuyankhani kuti mangani njanji yachiwiri njira yonse. Mukaiuza zofewerapo, ikupatsani timalo towerengeka tofunika kutalikitsa popatukira. Mwini njanji ndiye amasunga ziwerengero za masitima ake, ndipo amati n'zachinsinsi cha malonda, motero wotsutsana naye amavutika kumugwira bodza. Ine ndimaona ngati mtengo wa 2 biliyoni unali njira yaulemu yonenera kuti ayi.

Olimbikitsa sitimayi, motsogozedwa ndi bungwe la Southern Rail Commission limene limaimira zigawo za Louisiana, Mississippi ndi Alabama, anachita chanzeru: anachepetsa maloto. Anasiya kaye za Orlando n'kuika mtima pa New Orleans ndi Mobile basi, masitima awiri kupita ndi awiri kubwera tsiku lililonse, oima ku Bay St. Louis, Gulfport, Biloxi ndi Pascagoula. Amtrak, CSX ndi Norfolk Southern anayamba kafukufuku wina limodzi mu 2020, koma chaka chinatha asanamalize. Mu Malichi 2021 Amtrak inatopa n'kukasuma ku Surface Transportation Board, bungwe la boma limene limaweruza milandu ya njanji.

Mlanduwu unatsatidwa ndi dziko lonse chifukwa unakhudza ndime ya lamulo imene inali isanayesedwepo motere. Ndimeyo imati Amtrak ikafuna kuwonjezera masitima, mwini njanji ndiye ayenera kupereka umboni wakuti katundu wake asokonezeka mopyola muyezo. Amtrak ikanapambana, mizinda ina yambiri ikanatsata khomo lomwelo. Ikanagonja, makampani a katundu akanapeza chitsanzo chokanira kulikonse. Pa nthawiyi eni njanji anali atatsitsa mtengo wawo kufika pa madola oposa 400 miliyoni a chigawo chachifupichi. Doko la Mobile nalo linalowa mlanduwo kumbali ya makampani a katundu, poopa kuti makontena ake azichedwa kutuluka. Mkangano utafika pachimake mu Epulo 2022, Amtrak inachita zoseketsa: inaika kamera pa siteshoni ya Bay St. Louis n'kumaonetsa njanjiyo pa Twitch, tsamba la pa intaneti limene achinyamata amaonerapo anzawo akusewera magemu, kuti aliyense adziwerengere yekha masitima odutsa pa njanji imene ankati ndi yodzaza. Kwa maola ambiri anthu ankangoonera njanji ili zii. CSX inayankha kuti kuona malo amodzi sikuuza munthu za njira yonse, ndipo pamenepo inali ndi mfundo, pakuti kuthinana kwenikweni kuli kumabwalo a kumapeto. Komabe chithunzi chija chinali chitalowa kale m'mitu ya anthu.

Chigamulo sichinaperekedwe. Bungwe loweruza milandu lija linawatumiza kuti akakambirane ndi mkhalapakati, ndipo mu Novembala 2022 mbali zonse zinalengeza kuti zagwirizana. Zambiri za mgwirizanowo zinasungidwa mwachinsinsi, choncho mizinda ina imene inkayembekezera kupeza chitsanzo cha lamulo inatsala manja ali m'khosi. Chimene chinaoneka n'chakuti mu Seputembala 2023 boma lalikulu linapereka madola 178 miliyoni okonzera njanjiyo: kutalikitsa popatukira, kuwonjezera posinthira njanji, kukonza mphambano. Ndalamazi zikuthera pa njanji za CSX ndi Norfolk Southern, ndipo masitima awo adzapindula nazo tsiku lililonse. Umu ndi mmene milandu yotere imathera nthawi zambiri: mlendo amaloledwa kulowa, koma atamangira mwininyumba khonde latsopano.

Adzalipira ndani chaka ndi chaka

Ndalama zomangira n'zovuta kupeza, koma zimaperekedwa kamodzi, ndipo wandale amapeza riboni yoti adule. Zoyendetsera ndiye zimabwera chaka chilichonse ngati msonkho. Mafuta, malipiro a oyendetsa ndi oona matikiti, kukonza mabogi, lendi ya njanji, zonsezi matikiti okha sakwanitsa, ndipo zili choncho pa masitima ambiri a mtunda wotere padziko lapansi. Lamulo la 2008 lija linanenanso kuti njira iliyonse yochepera mamailosi 750, omwe ndi makilomita pafupifupi 1,200, zoperewera zake azilipira ndi maboma a zigawo, osati boma lalikulu. Sunset Limited yakale inali ya mtunda wautali, choncho Alabama sinkalipirapo kanthu. Sitima yatsopano yaifupiyi, imene inali yothandiza kwambiri anthu a m'derali, inabwera ndi bilu.

Zigawo zitatu, abwanamkubwa atatu, nyumba za malamulo zitatu, ndipo phindu lake silofanana. Mississippi ili ndi masiteshoni anayi m'matauni odalira alendo ndi nyumba za juga. Louisiana ili ndi New Orleans. Alabama ili ndi siteshoni imodzi yokha kumapeto kwa njira, pafupi ndi doko limene chigawocho chimalinyadira. Louisiana ndi Mississippi analonjeza ndalama, koma bwanamkubwa wa Alabama, Kay Ivey, sanafune kutero. Mtolo wa chigawo chonse unagwera khonsolo ya mzinda wa Mobile, chinthu chosachitikachitika ku America. Mu Febuluwale 2020 makhansala anavomera kupereka madola pafupifupi 3 miliyoni pa zaka zitatu. Mlandu uja utatha lonjezolo linafunika kuvoteredwanso, makhansala ena anali atasintha, ndipo ena ankafunsa funso lomveka ndithu: bwanji msonkho wa anthu a mumzinda uno uzilipirira alendo opita kukasangalala ku New Orleans? Zokambirana zinatenga nthawi mpaka mu Ogasiti 2024 pamene khonsolo inavomereza ndalamazo pamodzi ndi kubwereketsa malo omangapo pokwerera. Ngakhale doko, limene linali mdani pa mlandu uja, linavomera kuthandizako.

Taonani kuti kuchokera pa mgwirizano wa 2022 kufika pa sitima yoyamba panadutsa zaka pafupifupi zitatu, ndipo chimene chinkadikiridwa kwambiri chinali chaching'ono kwabasi: pokwerera anthu ndi kanjanji kogonekapo sitima usiku pakati pa mzinda wa Mobile. Sitima ikafika madzulo singagone pa njanji yaikulu, apo ayi itseka njira ya katundu wopita kudoko. Malo omangapo kanjanjiko anali a mzinda, womanga anali CSX, ndipo palibe akanakumba dothi mapepala onse asanasainidwe. Matauni anayi a ku Mississippi anali atakonzeratu masiteshoni awo n'kumangodikira. Mwambo woyamba kukumba unachitika mu Okutobala 2024. Oyendetsa sitima nawo anafunika kuyenda njirayo kambirimbiri opanda anthu kuti aloweze pokhota paliponse, chizindikiro chilichonse ndi mlatho uliwonse, pakuti lamulo sililola munthu kuyendetsa sitima pa njira imene sanaiphunzire.

Sitimayi anaipatsa dzina lakuti Mardi Gras Service, potengera chikondwerero chimene mizinda yonse iwiri imadziwika nacho. Anthu a ku Mobile sachedwa kukumbutsa mlendo kuti chikondwererochi chinayambira kwawo mu 1703, New Orleans isanakhazikitsidwe n'komwe.

Kodi n'zopindulitsa? Wotsutsa ali ndi mfundo yamphamvu: ulendo wa sitima umatenga maola atatu ndi mphindi 43, pamene pa galimoto mumsewu waukulu wa Interstate 10 munthu amafika m'maola awiri ndi pang'ono. Wofulumira sakwera sitimayi. Koma si onse ali ndi galimoto, si onse angathe kuyendetsa, ndipo wopita ku mpira kapena ku chikondwerero ku New Orleans amadziwa mtengo woimika galimoto kumeneko ndi kuopsa kobwerera usiku atalawako. Tikiti yotsika kwambiri inayambira pa madola 15. Chachikulu kwa ine ndi ndondomeko ya nthawi. Sitima ya katatu pa sabata yodutsa usiku imatumikira munthu wa ulendo wautali amene wakonzekera kwa mwezi. Sitima ya m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse imalola munthu kupita n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo ndi pamene imalowa m'moyo wa anthu. M'miyezi yoyambirira okwera anachuluka kuposa mmene anayerekezera. Zoterezi zinaonekanso ku Roanoke, mzinda wa ku Virginia umene unakhala wopanda sitima kuyambira 1979 mpaka 2017, ndipo patatha zaka zisanu anawonjezerako yachiwiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko boma la chigawo ndilo linatsogolera ndi thumba lake.

Anthu achikulire a ku Mobile ali ndi chifukwa chosangalalira mosamala, pakuti aka si koyamba. Mu 1984, pa nthawi ya chionetsero chachikulu cha mayiko ku New Orleans, panali sitima ya tsiku ndi tsiku pa njira yomweyi yotchedwa Gulf Coast Limited. Inatha mu Januwale 1985 ndalama za zigawo zitaleka kubwera. Anaiyambitsanso mu 1996, ndipo inatha mu 1997 pa chifukwa chonga chomwecho. Pano boma lalikulu likuthandiza kulipira zoyendetsera kudzera m'thumba lapadera lobwezeretsera masitima, koma thandizo la thumba limenelo linapangidwa kuti lizichepa chaka ndi chaka mpaka kutheratu, gawo la zigawo likukwera. Lonjezo la khonsolo ya Mobile ndi la zaka zitatu, ndipo zikatha nkhaniyi idzabwereranso patebulo la makhansala, kapena la boma la Alabama.

Kum'mawa kwa Mobile zinthu zikadali mmene Katrina anazisiyira. Pensacola ndi Tallahassee, likulu la Florida, alibe sitima ya anthu kuyambira 2005. Mu 2019 CSX inagulitsa mbali yaikulu ya njanji ya kumeneko kwa kampani yaing'ono yotchedwa Florida Gulf & Atlantic, choncho amene akufuna kukafikitsa sitima ku Jacksonville ayenera kukagogoda pakhomo la mwini wina watsopano, ndi manambala ena, ndi maboma ena oti awapemphe ndalama.